Golosale Yotseka pa Buleki

Loweruka lapitali ndinanyowa ngati nkhuku pakhomo pa munthu, ndalama ili m'manja, mwini katundu ali m'nyumba akumwa tiyi.

Ndinakwera basi kuchoka kwathu ku Dennistoun kupita ku Gorbals, konkuno ku Glasgow, kukagula ufa woyera ndi usipa kwa Bambo Mbewe. Amene simuwadziwa, awa ndi mkulu wa mpingo wathu. Kumudzi anali mphunzitsi wa pulaimale, kuno amagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo chaka chino anaitanitsa matumba a ufa kuti azigulitsa pa fulati pawo. Nditadina belu, zenera la pamwamba linatseguka, panatulukira dazi.

"Ndi buleki, mayi. Dikirani."

Zenera linatsekeka. Mvula ya kuno mukuidziwa nonse, imagwa chopingasa ndipo ambulera siimuwerengera.

Buleki itatha ananditsegulira. Ndinalowa ndikunjenjemera n'kunena kuti ndikufuna ufa.

"Tayambirani panja," anatero. "Munthu amayamba wapereka moni."

Ine, mayi wa ana awiri, namwino woti madokotala amandilankhula mwaulemu, ndinatulukadi. Ndinagogoda, ndinaodira, ndinafunsa ngati adzuka bwino. Anayang'ana nsapato zanga n'kupukusa mutu, kenako anandigulitsa ufa ngati akundichitira chifundo.

Ndikutsika masitepe, akazi awo ananditsatira akunong'ona.

"Achemwali, chonde alankhuleni aphunzitsiwa. Makasitomala onse athawa. Mayi wina wa ku Hillhead anamuuza alavule chingamu. Kuchipinda matumba afika kudenga, ndipo dzulo ndaona nankafumbwe akuyenda pa pilo. Ufawu ukaonongeka, ulendo wanga wokaona amayi kumudzi wathera pomwepo, ndipo amayiwo akudwala. Paja munati bambo anu anali otere?"

Anali otere. Anali oposa pamenepo.

Bambo anga anaphunzitsa pa kasukulu kena ka ku Ntcheu mpaka imvi. Atapuma anatsegula golosale pa tiredingi senta, ndipo chinthu choyamba chimene anagula sichinali shuga kapena sopo. Anagula limu ya galimoto n'kuikoleka pa mtengo wa mango. M'mawa uliwonse ankaimenya ndi chitsulo, ngweee, ndiye kuti golosale yatsegulidwa. Wofika limu isanalire ankayamikiridwa. Wofika dzuwa litakwera ankafunsidwa kumene anali.

Ogula ankaima pamzere, afupi kutsogolo. Malaya ankayenera kupisiridwa. Mwana wotumidwa mchere ankayamba waonetsa zikhadabo, ndipo akabwera nthawi ya sukulu, bambo ankakhoma golosale n'kumuperekeza mpaka m'kalasi, mzere wonse ukudikira padzuwa. Fodya analipo pa shelefu, koma sankagulitsa kwa aliyense amene anamuphunzitsapo, ndipo pamalo paja panalibe mwamuna amene sanadutse m'manja mwawo. Ndinaona ndi maso anga munthu wa zidzukulu akutuluka atazyolika, atauzidwa kuti akadali mwana.

Zonsezi anthu akanapirira. Chimene chinapha golosale ndi holide.

Sukulu zikatsekera, bambo ankatsekeranso. Disembala, anthu akufuna mpunga, mafuta ophikira ndi zakumwa za Khirisimasi, chitseko chinali ndi loko. Nthawi yokolola, alimi ali ndi kanthu m'thumba, iwo anali pakhonde akuwerenga nyuzipepala. Amayi analankhula mpaka mawu kusasa. Yankho linali limodzi: "Munthu amene sapuma pa holide, teremu yamawa amaphunzitsa zopanda mutu." Amayi ankangoti wakwatiwa kwa mphenzi saopa kung'anima, n'kubwerera kukhitchini.

Anthu anayamba kuwoloka msewu kukagula kwa mayi wina amene ankangolandira ndalama osafunsa chilichonse. Mabisiketi a bambo anafewa, shuga anauma ngati njerwa. Tinadya katundu wa m'golosale ija tokha, ndipo mpaka lero nsomba za m'chitini sindifuna kuziona.

Tsopano tiyeni tinene zoona, abale anga. Kodi ndi aphunzitsi okha? Ife Amalawi timaona ngati bizinesi ndi mpando wopumirapo munthu akatopa ndi ntchito yeniyeni. Wapolisi akapuma amagula minibasi n'kumafunsa okwera kumene akupita ndi chifukwa chake. Namwino akatsegula lesitilanti amakuchotsera mchere patebulo. Yunifolomu timabweza ku ofesi, koma udindo timapita nawo kunyumba. Kuno ku Glasgow ndiye zimanyanya, chifukwa ambiri tinasiya maudindo pa bwalo la ndege ndipo timawasaka paliponse, ngakhale pa komiti ya tiyi ya kutchalitchi.

Lamulungu titaweruka ndinawakokera pambali Bambo Mbewe. Ndinali nditakonza mawu okhwima. Ndinawauza za bambo anga, za limu, za shuga wouma. Anamvetsera manja ali kumbuyo, ngati akuyendera kalasi.

"Bambo anuwo anali munthu wadongosolo," anatero.

"Koma golosale inagwa, aphunzitsi."

Analankhula motsitsa.

"Mwanditchula kuti chiyani? Aphunzitsi. Mayi, sabata yonse ndimakhala pa shifiti. Ndimasambitsa anthu, ndimawadyetsa, ndipo tiana ta msinkhu wa mwana wanga timandiitana ndi dzina langa loyamba, pena n'kulidula pakati. Sindidandaula, ntchito ndi ntchito. Koma Loweruka, munthu akagogoda pakhomo panga n'kunena kuti odi aphunzitsi, ndimakumbuka kuti ndinali ndani."

Mawu anga okhwima aja anasungunuka. Ndinamva chisoni, ndipo chisonicho sichinali cha iwo okha. Ndinakumbukira bambo anga golosale itatsekedwa. Limu ija sanaichotse. M'mawa ankatuluka atavala tayi n'kuimenyabe, kenako n'kuima pakhonde kuyang'ana msewu. Ife tinkaseka kuseri kwa nyumba. Sitinadziwe kuti munthuyo sankadikira ogula ayi, ankadikira ana.

Ndiye ndinayang'ana m'holo ya tchalitchi. Ana athu obadwira kuno anali akuthamangitsana, nsapato zosamanga, malaya panja. Ukawafunsa kuti muli bwanji amakuyankha m'Chingerezi chimene ngakhale Angerezi eni ake amapempha kuti ubwereze. Kuwongola mtengo n'poyamba, ndipo mitengo yake inali pomwepo ikudumpha pa mipando.

"Aphunzitsi," ndinatero, "bwanji tizikubweretserani awa Loweruka muziwaphunzitsa Chichewa pabalaza? Ufa azigulitsa amayi kukhitchini. Kholo lobwera kudzatenga mwana silingatuluke chimanjamanja."

Maso awo anawala ngati aona choko chatsopano. Mayi Mbewe, amene ankamvetsera akunamizira kupukuta makapu, anandifinya dzanja mpaka kuwawa. Makolo angapo anavomera tisanachoke, ena mwachangu chokayikitsa, ngati anthu amene apeza kowasiya ana kuti akagone.

Ndinabwerera ku Dennistoun ndikudzitama kuti ndapulumutsa ufa, banja ndi ulendo wa kumudzi. Zimene palibe amene anawachitira bambo anga, ine ndachitira mnzawo.

Lachitatu kunabwera uthenga pa gulu la mpingo, wochokera kwa aphunzitsi. Ana afike atawenga zikhadabo. Makolo adikire panja pamzere. Ndipo aliyense adziwe kuti sukulu, pamodzi ndi khitchini yake, idzatsekera sabata yachiwiri ya Disembala.

Mayi Mbewe anandiimbira nthawi yomweyo. Tagwirizana kuti matumba otsala asamukira kwathu holide isanafike, aphunzitsi ali pa shifiti. Amene mukufuna ufa wa Khirisimasi mundipeze. Kwathu kulibe buleki, koma moni wokha mupereke. Nanga si ndine mwana wa aphunzitsi?