Agogo ndi mbira ya Tadala

Mwaswera bwanji nonse.

Lero ndinakatenga agogo aamuna kwawo ku Mambo kuti adzadye nafe kuno ku Mkoba. Mukudziwa kuti chimwalirireni agogo aakazi sakuyankhula kwenikweni.

Titafika tinapeza mwana wanga Tadala akulira. Mbira yake yasiya kudya chifereni inzake, imangobisala pakona m'khola.

Agogo anasuzumira m'kholamo n'kufunsa kuti, "Mukuipatsa buledi?" Anamuchotsa bulediyo, n'kumutuma Tadala kukazula udzu wauwisi ndi kukathyola masamba a repu. Kenako anati, "Ndili mwana kumgodi ku Selukwe, nthawi ya nkhondo ya azungu, amayi ankaweta mbira kukhitchini m'komboni. Sitinkasunga imodzi. Ikatsala yokha inkafa, chakudya chili pomwepo."

Tinakabwereka ina kwa aneba. Itangolowa, yathu ija inatuluka ikulira tswii tswii, ndipo zinayamba kulimbirana tsamba limodzi. Agogo anaseka mpaka kupukuta misozi. Anakhala pampando pakholapo mpaka dzuwa kupendeka.

Pano akuti lero sabwerera ku Mambo. Chipinda chilipo. Kodi ndiwauze kuti azikhala nafe basi? Amalume, azakhali, mukuti bwanji?