Mtanda Wofupika Mkono pa Kansalu ka Agogo Zaruhi

"Ayi, kumasoko ndaonako kale. Tembenuzani, kuyrik, ndione kumbuyo."

Ankalankhulayo anali mayi Araksi, ogulitsa nsalu zopeta pa msika wa Vernisazh, mmodzi mwa aja anabwera kuno ku Yerevan pothawa nkhondo ya ku Alepo. Wotchedwa kuyrikyo, kutanthauza mchemwali, anali mayi Varsenik, a zaka 67, munthu wosazolowera kuuzidwa zochita. Anatembenuzabe. Iwo anangobwera kudzafunsa ngati kansalu ka agogo awo kangachapidwe ndi sopo osasuluka. Lachitatu lotsatira linali 24 Epulo, tsiku lokumbukira kupululidwa kwa mtundu wathu, ndipo bungwe la anthu a ku Marash linali litapempha kansaluko kuti likakaike m'galasi ku holo yake. Linalinso litasankha mayi Varsenik kuti chaka chimenecho anyamule nkhata ya maluwa, atsogolere gulu pokwera phiri la Tsitsernakaberd, pamene pali malo a chikumbutsocho. Anali atadikira mwayiwu zaka makumi awiri, ndipo nsapato zake anali atagula kale.

Ku Marashko mayi Varsenik sanapondeko, ngakhale mayi awo sanapondeko. Koma kuno munthu akakufunsa kuti ndiwe wa kuti, sakufunsa kumene umagona. Ife okulira kunjafe timayankha dzina la msewu, anthu n'kumatiyang'ana ngati tadwala. Akufunsa mudzi umene agogo ako anatulutsidwamo mu 1915, pamene boma la Otomani linkapulula mtundu wathu wa Chiarmeniya, kupha amuna ndi kukusira akazi ndi ana ku chipululu. Midziyo lero ili tsidya lina la malire, koma aliyense amayenda ndi wake pakamwa.

Agogo awo, a Zaruhi, anatoledwa m'mbali mwa msewu ali ndi zaka ngati zinayi. Anakulira m'nyumba ya ana amasiye ku Alepo, ndipo mu 1947 anabwera kuno ndi mwamuna, ana awiri, makina osokera ndi kansalu kabuluu kopetedwa mitanda yofiira yolukanalukana. Ukawafunsa za kwawo ankangoti kunali galu woyera. Amayi oyandikana nawo atawona kansaluko ananena kuti kapetedwe kameneka n'ka ku Marash, palibenso kwina. A Zaruhi sanatsutse. Banja lonse linakhala la ku Marash kuyambira masana amenewo.

Mayi Varsenik anaugwira Umarashiwo ngati ntchito ya boma. Anamva kuti a ku Marash amadya tsabola wofiira, ndiye ankathira tsabola m'chakudya chilichonse, ngakhale kuti chilungulira chinkawazunza kuyambira ali mtsikana. M'thumba la jasi lawo simunkasowa mapilitsi. Amuna awo, malemu Gurgen, anali a ku Van, ndipo ukwati wawo unayenda zaka 38 pa nkhani imodzi yomweyo. Bamboyo ankati a ku Marash amabadwa lilime litapsa kale, n'chifukwa chake samva kukoma kwa chilichonse. Mayiyo ankati a ku Van amayanika masamba a tiyi pawindo kuti mawa aphikenso.

Ntchito ya mayi Varsenik inali yoyendetsa basi ya magetsi, ija ya nyanga ziwiri zogwira mawaya. Anayendetsa zaka 31, kawailesi kali pambali pa chiwongolero. Wailesi ikalengeza kuti Nyumba ya Malamulo ya dziko lakutilakuti yavomereza kuti zinachitika zija kunalidi kupulula mtundu, mayi Varsenik ankaliza hutala kawiri, msewu uli mbee. Kenako ankafunsa wokwera wapafupi kuti dzikolo lili kuti. Ankadabwa ndi maiko ochedwa. Ankati kuvomereza si kunyamula simenti, umangotsegula pakamwa n'kunena chimene chinachitika.

Tsono mayi Araksi anayang'ana kumbuyo kwa kansalu kaja nthawi yaitali, magalasi ali pansonga ya mphuno. Anakatembenuzanso, n'kuika chala pa mtanda wa pangodya ya kumanzere, umene mkono wake umodzi unali wofupika. Kenako anawerama, n'kutulutsa kansalu kena m'chikwama cha pansi pa tebulo. Kanali kabuluu, mitanda yofiira, kukula kwake chimodzimodzi. Mtanda wa pangodya ya kumanzere unali wofupika mkono womwewo.

Anafotokoza mosakweza mawu, ngati akunena mtengo wa ulusi. Kachiwiriko kanali ka agogo a iwo eni, amenenso anakulira m'nyumba ya amasiye yomweyo. Kunali mphunzitsi wa zosoka dzina lake Yeghsa, mayi wa ku Marash wa diso limodzi, amene anapeta kansalu kachitsanzo n'kukapachika pakhoma. Mtsikana aliyense ankakopera kameneko asanapatsidwe nsalu yeniyeni, ndipo ankakopera ndi cholakwika chomwe, chifukwa palibe ankalimba mtima kumuuza mphunzitsiyo. Agogo a mayi Araksi anafika kumeneko ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ankadziwa bwino kuti kwawo ndi ku Kharberd. M'kalasimo munali a ku Sebastia, a ku Urfa, ndi ena ambiri osadziwa kwawo. Onse anatuluka ndi mtanda wofupika.

"Ndiye agogo anga anali a kuti?" anafunsa mayi Varsenik.

"A pa benchi lachiwiri. Mwina lachitatu. Akumbuyo ulusi wawo unkamasuka, uwu ndi wothina."

"Ine ndadya tsabola zaka makumi asanu."

"Pepani, kuyrik. Sopo musathire, mungoviika m'madzi ozizira."

Mayi Varsenik anapinda kansalu kawo, nakwera basi ya magetsi, n'kukhala kumbuyo kwa dalaivala. Njira yonse ankaona kuti mnyamatayo akuponda buleki mochedwa, koma sanamudzudzule, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Kunyumba anaphika nyemba, botolo la tsabola n'kuliyang'ana, osalitsegula. Nyembazo zinakoma, ndipo zimenezi zinawakwiyitsa. Anaganiza za Gurgen, kuti akanakhalapo akanaseka mpaka kutsamwa. Anaganizanso kuti mwina agogowo analinso a ku Van, n'kudzuka kukatsuka mbale.

Lolemba anapita kwa paron Setrak, ndiye kuti bambo Setrak, wapampando wa bungwe lija, dokotala wa mano wopuma ntchito. Anawapeza akukonza zikwangwani za m'galasi. Cha kansalu chinali chitasindikizidwa kale: "Zaruhi wa ku Marash." A Setrak anamvetsera nkhani yonse, natseka chitseko, n'kunena kuti zimenezi zisatuluke. Anati mayi wa pamsikayo si pulofesa, mwina a Zaruhi analidi a ku Marash n'kukumana ndi mphunzitsi wa kwawo, ndani angatsutse? Anakumbutsanso kuti nkhata ikawachoka ipita kwa Shushanik, mlamu wa a Setrak omwewo, ndipo Shushanik amayenda ngati akupondereza mphesa.

"Varsenik jan, wokondedwa wathu, mwakhala nafe zaka zonsezi. Chikuvuta n'chiyani kungokhala chete mpaka Lachinayi?"

"Ine ndakhala ndikulizira hutala maiko athunthu kuti anene chimene chinachitika. Ndiye ndikaime kutsogolo ndi chikwangwani chongoganizira?"

"Si bodza. Ndi chinthu chosadziwika."

"Lembani choncho."

A Setrak anadandaula za mtengo wosindikizanso. Mayi Varsenik anatenga cholembera patebulo, nakhwatcha mawu atatu omalizawo, n'kulemba pansi pake ndi zilembo za munthu wozolowera kudzaza mafomu a ngozi: "Zaruhi, kwawo sikudziwika. Kunali galu woyera. Anamuphunzitsa Yeghsa wa ku Marash." A Setrak anawerenga kawiri, nafunsa ngati galuyo angachotsedwe. Anauzidwa kuti galuyo ndiye yekha wotsimikizika.

Lachitatu nkhata ananyamula Shushanik, ndipo anayendadi ngati akupondereza mphesa. Mayi Varsenik anakwera phirilo pakati pa chikhamu, wopanda gulu, atavala nsapato zatsopano zija, zimene zinayamba kuluma asanafike theka la njira. M'manja anali ndi maluwa ofiira asanu ndi limodzi. Pa khoma lalitali lolembedwa mayina a mizinda anaima pa dzina la Marash, monga chaka chilichonse, n'kusiyapo awiri, a mphunzitsi wa diso limodzi uja. Kenako anayenda pang'onopang'ono akuwerenga mayina enawo, amene zaka zonsezi ankangowadutsa ngati masiteji a basi ya wina. Anali ambiri. Anthu akumbuyo anayamba kuwakankha. Maluwa anayi otsalawo anakawaika pa mulu wa maluwa wozungulira moto wosazima wa pa chikumbutsopo, pamene sipafunsidwa kuti ndiwe wa kuti.

Loweruka anabwereranso ku msika. Mayi Araksi atawaona anasuntha chikwama pampando, ngati ankawayembekezera. Mayi Varsenik anati manja awo anazolowera chiwongolero, singano sanaigwirepo kupatula posokerera batani, koma nthawi ali nayo yambiri. Anagwirizana za Lachiwiri lililonse masana, khofi abweretse wophunzira.

"Ndikuphunzitseni wolondola, kapena wa Yeghsa?"

"Wa Yeghsa. Wolondolayo ndi wa a ku Marash."

Anagula mpukutu umodzi wa ulusi wofiira ndi singano yobuntha kunsonga, zonse ndalama zokwana madramu mazana asanu. Anapempha kuti awachotsereko, mayi Araksi n'kuwafunsa ngati ali a ku Van. Iwo anayankha kuti n'zotheka. Anaika kaphukusiko m'thumba la jasi, pamodzi ndi mapilitsi a chilungulira, n'kupita kukadikira basi.