Chiwindi Changa ndi Mabotolo a Odzandizonda

Chizindikiro choyamba chinali kusafuna chakudya, osati chikasu m'maso monga akufotokozera ena pa doko la kwathu kufupi ndi Nkopola. Chikasucho chinabwera mochedwa. Munali mu Juni chaka chatha, mphepo ya mwera ili pachimake, pamene ndinayamba kukankhira pambali utaka wootcha, ndiwo zimene ndadya moyo wanga wonse. Ndinkatopa ndi kamtunda kochoka kunyumba kukafika kutchalitchi, kumene ndine mkulu wa mpingo. Nkhaniyi yakambidwa kale ndi anthu ambiri amene sanaione, choncho ndaganiza zoilongosola ndekha mwini wake.

Ndisanafike pa matendawo ndiyenera kutchula za bondo. Ndinagwira ntchito yosunga katundu pa hotela ina ku Makokola mpaka kupuma, ndipo masitepe a kumeneko anandisiyira bondo lamanzere lopweteka nyengo yozizira. Ndinkamwa panado wogula pa golosale tsiku ndi tsiku, ndipo ululu ukakula ndinkaonjezera kuposa mlingo wolembedwa.

Nditayamba kufooka, anthu anayamba kudzandizonda. Kwathu kuno munthu wamkulu akadwala, womuzonda sabwera chimanjamanja. Wina amanyamula nsomba, wina shuga, koma ambiri amanyamula botolo la mankhwala azitsamba amene anachiza m'bale wawo. Mwambo wake ndi wakuti wobweretsayo amayamba wamwako yekha inu mukuona, kenaka n'kukupatsirani kapu. Iye atatero, inu mukakana, mwanena popanda kutsegula pakamwa kuti mukumukayikira. Okulira m'tauni angaione ngati nkhani yaing'ono, koma ine ndaonapo mabanja atasiya kuyenderana chifukwa cha kapu imodzi yokanidwa. Choncho ndinkamwa. Ndinamwa a mizu yowawa ochokera kwa mnzanga wa mu kwaya, ndinamwa ofiira ogula pa msika ku boma, ndinamwanso a makungwa ochokera ku Makanjira kwa alamu anga a Mbwana, amuna a mlongo wanga, amene amagulitsa nsomba zouma. Onsewa ankandifunira zabwino, ndipo aliyense wonena kuti wina mwa iwo anali ndi chiwembu akunama.

Pofika mu Ogasiti mkodzo unada ngati tiyi wopanda mkaka. Thupi linkayabwa popanda chotupa chilichonse, ndipo m'mimba chakumanja, pansi pa nthiti, munkalemera. Mayi akunyumba ndi amene anaona chikasu m'maso mwanga, ndipo sanandifunse maganizo. M'mawa mwake tinali m'minibasi kupita ku chipatala chachikulu ku boma.

Kumeneko munthu amaphunzira kudikira. Tinakhala pa benchi kusuntha pang'onopang'ono, kuyezedwa sikelo, kuthamanga kwa magazi, kenaka malungo, amene sanapezeke. Namwino anatenga magazi pamkono n'kutiuza kuti zotsatira zidzatuluka tsiku lina. Titapitanso tsiku limenelo, tinakumana ndi adokotala, mayi wachichepere koma wodekha polankhula. Mawu awo ndinawasunga bwino.

"Bambo, m'chiwindi muli timadzi tina tothandiza pa ntchito yake yosefa zimene timadya ndi kumwa. Timatitcha maenzaimu. Malo ake ndi m'kati mwa chiwindimo. Chiwindi chikavulala, timatayikira m'magazi, ndipo poyeza timapeza tachuluka. Kwa inu tachuluka kwambiri. Izi pazokha si dzina la matenda. Zikungotiuza kuti chilipo chimene chikuvulaza chiwindi chanu, ndipo tiyenera kuchipeza."

Ine ndinaphunzira za thupi la munthu ku sekondale, kotero sindinavutike kumva. Iwo anayamba kufunsa mmodzimmodzi za zinthu zimene zimavulaza chiwindi, ndipo funso loyamba linali la mowa. Limafunsidwa kwa aliyense. Koma chitseko chinali chotsekuka pang'ono, ndipo pa benchi panali mayi wina wa kwathu amene anamva funsolo osadikira yankho. Kumeneko ndiko kunachokera mphekesera yakuti mkulu wa mpingo wapsa chiwindi ndi kachasu. Ndinene momveka: chibatizidwire sindinalawepo mowa.

Anandigoneka masiku ochepa m'wodi ya amuna, ali kundiyeza kachilombo kotupitsa chiwindi, kachilombo ka Edzi, ndi likodzo, limene ife a kunyanja sitiyenera kuliiwala chifukwa nalonso limaononga chiwindi mwakachetechete. Anandiunikanso m'mimba ndi makina. Zonsezi sizinaonetse gwero la vuto. Apo m'pamene adokotala anapempha kuti tiwaonetse chilichonse chimene ndakhala ndikumwa, ndipo mayi akunyumba anapita kwathu n'kubwera ndi dengu. Mabotolowo atandandalikidwa pa tebulo, adokotala sananyoze. Anati sangadziwe zimene zili m'botolo lopanda dzina, ndipo sangaloze limodzi kuti ndi ili. Koma zosakaniza zochuluka chotere, pamwamba pa panado wopyola mlingo, ndi katundu woposa mphamvu ya chiwindi cha munthu wa zaka zanga. Anandiuza kusiya zonse ndi kubweranso kudzayezetsa patapita masabata angapo. Ananenanso mosabisa kuti ndikapitiriza, chiwindi chikhoza kuonongeka mosabwereranso.

Kusiya panado sikunavute. Mayeso enieni anabwera pa boti kuchokera ku Makanjira. Alamu anga a Mbwana, atamva kuti ndinagonekedwa, anasiya malonda awo n'kuwoloka nyanja ndi botolo latsopano. Pakhonde panali alendo ena. Alamuwo atapereka moni ndi kufunsa za m'thupi, anatulutsa botolo lija.

"Alamu, awa si a pamsika ayi. Mizu yake ndakumba ndekha, ndaphika ndekha."

Anathira m'kapu, anamwako, anapukuta pakamwa, n'kundipatsira ndi manja awiri. Mayi akunyumba anaima pakhomo. Ndinalandira kapuyo ndi manja awirinso, ndipo ndinaiika pansi.

"Alamu, kapuyi ndalandira, ndipo mtima wanu ndauona. Koma sindimwa. Si inu nokha ayi. Mankhwala a mnzanga wa ku mpingo ndasiya, ngakhale panado ndasiya. Chiwindi changa chalamulidwa kupuma."

Alamuwo anati, "Ndiye kuti mtsikana wa ku boma uja wakuposani nzeru, inu a folomu folo?"

Ena anaseka pang'ono, koma iwo sanaseke. Sanadikire chakudya. Anakagona kwa mnzawo wamalonda, ndipo m'mawa mwake anabwerera pa lole. Mlongo wanga anatumiza uthenga wakuti ndachititsa manyazi amuna awo pagulu. Alipo amene akunena kuti tinatukwanana, ena akuti ndinataya mankhwalawo pansi iwo akuona. Palibe choona pamenepa. Mawu amene analankhulidwa ndi amene ndalembawa, ndipo anandipweteka mokwanira popanda kuonjezera.

Masabata otsatirawo anali odikira. Ndinkadya pang'onopang'ono, phala, mpunga, nsomba yophika yopanda mafuta ambiri, ndi kumwa madzi. Bondo ndinkalithowa ndi nsalu yofunda. Poyezetsa mu Seputembala, maenzaimu aja anali atatsika, ngakhale sanafike pa mlingo wake. Kuyabwa kunatha, mkodzo unayera, ndipo maso anabwerera mwakale. Mu Novembala adokotala anandiuza kuti magazi ali bwino, ndiponso kuti chiwindi chimatha kudzikonza chokha ngati chovulazacho chachotsedwa nthawi isanathe. Anandilola panado pa mlingo umene iwo anandiuza, osapyola.

Alamu anga anabweranso mvula itayamba, ali pa ulendo wa malonda, atanyamula kathumba ka mpunga. Asanakhale pansi anandigwira pachibwano n'kundiyang'ana m'maso monga amayang'anira chambo pa doko asanagule, ndipo anauza mayi akunyumba kuti nsomba iyi ndi yatsopano ndithu, asaigulitse motchipa. Tsiku limenelo anadya nafe. Mpaka lero amauza anthu ku Makanjira kuti makungwa awo oyamba aja ndi amene anayamba kundichiza. Ndimawasiya anene, popeza ndi alamu anga, koma sizinatero.

Lero ndili bwino. Ndimayenda kupita kutchalitchi osapumira m'njira, ndimalima kadimba kanga, ndipo ndimapitabe kukayezetsa nthawi imene andiuza. Kwa amene mukufooka popanda chifukwa chodziwika, mkodzo ukuda, thupi likuyabwa, musadikire chikasu monga ndinachitira ine. Pitani ku chipatala msanga, ndipo munyamule chilichonse chimene mukumwa, cha m'golosale ndi cha m'botolo, mukachionetse popanda manyazi. Mukauzidwa kuti maenzaimu akwera, musataye mtima; funsani chimene chikuwakweza. Ndipo inu ozonda odwala, tsiku limene wodwala adzaike kapu yanu pansi, musadzanyamuke. Mudzakhale, mudzadye naye.