Zilembo za Pambuyo pa Kadontho

Mumsewu monse ankawatcha Mayi Kadontho. Kashopu kawo kanali pansi pa masitepe a nyumba yosanja, pakati pa telala ndi wometa: tebulo limodzi, kompyuta yakale, pulinta ndi fani yopanda chotchinga. Anayamba kutayipa pa makina achitsulo aja mpaka zala zinapindika, ndipo kompyuta anaiphunzira imvi zitatuluka kale.

Dzinalo linabwera chifukwa cha funso lawo. Munthu akafika ndi fulashi n'kudandaula kuti fayilo yake ikukana kutseguka, iwo sankadzutsa n'komwe mutu.

"Pambuyo pa kadontho palembedwa chiyani?"

"Pdf, mayi."

"Ndiye mukuitsegula ndi pulogalamu ya nyimbo? Mukufuna telalayu akumeteni?"

Ankati zilembo zimenezo ndi chiwongo cha fayilo: jpg n'chithunzi, doc ndi zolemba, mp3 ndi mawu, ndipo iliyonse ili ndi pulogalamu yakwawo. "Koma ya exe musamaigwire ngati simukumudziwa mwini wake."

Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi, amene anapita kunja kukagwira ntchito yam'nyumba. Ankatumiza mauthenga a mawu pafoni, ndipo foni ikadzaza mayi ake ankawasamutsira mukompyuta. Mtsikanayo anadwala, namwalira, naikidwa komweko. Mayi Kadontho sanaone bokosi kapena manda. Masana makasitomala akachepa ankatseka chitseko, n'kuvala mahedifoni, n'kumamumvetsera akudandaula za kuzizira ndi za abwana ake ovuta.

Tsiku lina kunabwera imelo ya munthu wodzitcha mnzake wa malemuyo. Anati watumiza chithunzi cha manda. Dzina la fayilo linkathera pa jpg, koma kompyuta inabisa mapeto enieni, omwe anali exe. Mayi Kadontho anaidina. Chithunzi sichinaoneke. Pomafika madzulo fayilo iliyonse inali itasanduka kapepala koyera, pambuyo pa kadontho pali zilembo zachilendo zomwe pulogalamu iliyonse inkazikana.

Wokonza makompyuta wa tsidya la msewu anayang'ana nthawi yaitali, kenako anadzikanda m'mutu.

"Mayi, zinthu zanu zilimo, koma zakhomedwa. Kiyi ali nayo ndi amene anatumizayo."

"Tangosinthani dzinalo libwerere pa mp3, bambo."

"Inu mukudziwa nokha kuti kusintha dzina sikusintha zam'kati."

Ankadziwadi. Komabe anasintha okha, fayilo imodziimodzi, n'kumayesa pulogalamu iliyonse yomwe anaipeza. Mahedifoni anali zii.

Ntchito za makasitomala zinapita limodzi ndi mawuwo. Ena anabwera kudzalalata pakhomo, ena anangosiya kubwera. Posakhalitsa telala anaboola khoma n'kuika makina ake achiwiri pamene panali tebulo lija.

Mayi Kadontho anasamukira kwa mng'ono wawo, maso atayamba kuchita khungu. Kompyutayo anaikulunga m'nsalu n'kuiika kunsi kwa bedi, ndipo alamu awo atafuna kuitaya panabuka mkangano woti aneba anatuluka panja.

M'mawa wina mng'ono wawo akuwapesa tsitsi, iwo anafunsa mwadzidzidzi:

"Kodi mwana uja ankaseka bwanji?"

Mng'onoyo anayesa kutsanzira, kawiri konse.

"Ayi, sankatero."

"Nanga ankatani, achemwali?"

Mayi Kadontho anatsegula pakamwa kuti atsanzire okha, koma kasekedwe kaja sikanawabwerere. Kenako anauza mng'onoyo kuti apitirize kupesa.