Kansalu ka Pansi pa Duku

Mutu wanga umayambira kuseri kwa diso lamanzere. Poyamba umagogoda mwaulemu ngati mlendo, kenako ulemu umatha. Ukafika pamenepo sindifuna kuwala, fungo la mafuta ophikira limandipatsa nseru, ndiye ndimang'amba kansalu pachitenje chakale n'kumanga mutu mpaka nsidze kukwera. Mwana wanga woyamba, wamkazi, anadziwa kumanga kansaluko asanadziwe kumanga mtolo wa nkhuni. Kuno ku Kanakantapa, bambo ake ali kudimba la tomato, iye ankakwera pampando, n'kukoka mfundo ndi timanja take, n'kufunsa kuti, "Amama, nalimbitsa?"

Mwanayo Mulungu anamukweza. Ndi nesi kuchipatala chachikulu ku Lusaka, ndipo anakwatiwa bwino. Mayi a mwamuna wake, asebele anga, anapuma ntchito ya boma n'kumanga nyumba ya mpanda chakufupi ndi Chalimbana. Ndi munthu wabwino, izi ndinene msanga. Ndimayamika kuti mwana wanga anapeza apongozi osamuzunza.

Chaka china azimayi anzanga apemphero la Lachinayi anandisanjika manja, mutu n'kulekadi. Dzinja lonse ndinalima osagona nawo ngakhale tsiku limodzi. Titakolola ndinaimirira m'tchalitchi kuchitira umboni, mwana wanga ali pomwepo, akupukuta misozi. Koma kutentha kwa chilimwe kutafika, mlendo uja anagogodanso. Ndikanatani? Kwathu umboni ukaupereka suli wakonso. Mayi wina wodwala miyendo ankandigwira dzanja Sabata lililonse n'kumati, "Wakukumbukirani inu, nane azanikumbukira." Ndiye ndinayamba kumanga kansalu pansi, duku pamwamba, osaoneka. Mwana akafunsa pafoni za mutu, ndinkayankha kuti, "Mulungu anachita kale." Ndipo anachitadi, nthawi ija.

Tsiku lina tinakumana kwa asebele kukaona mdzukulu. Tikumwa tiyi, iwo anayamba kufotokoza kuti nawonso amadwala mutu waching'alang'ala, ndipo madokotala ena kuchipatalako akufufuza ngati mutu wotere umagwirizana ndi mmene magazi amayendera m'mitsempha ya m'khosi. Ankafuna anthu odwaladwala mutu, ndipo mwana wanga ndiye anawatengera kumeneko.

"Amakugoneka chagada, asebele," anatero akuloza pansi pa chibwano. "Apa akupaka tumafuta tozizira, ayendetsapo kachitsulo. Pa tivi yawo uona magazi yako, ena ofiira ena abuluu, makina yachita kulira fuu, fuu. Uyu mwana wanga ananigwirira mutu mpaka kutha."

"Uyu mwana wanga." Tiyi anandiwawa m'kamwa. Mwanayo anatuluka kukhitchini n'kufunsa kuti, "Mami, mwamwa mapilisi?" Sanali kufunsa ine. Ine ndine Amama, wa ku Kanakantapa; Mami ndi wa nyumba ya mpanda. Pamenepo n'kuti kansalu kakundiluma pansi pa duku, diso likugunda. Ndinamwetulira n'kunena kuti Mulungu adalitse madokotala.

M'minibasi pobwerera ndinkangowerengera zinthu zopanda pake. Mutu wawo unayamba liti? Anagonapo nawo pamphasa, mwana ali kubere? Anathirirapo tomato dzuwa lili paliwombo, diso limodzi atatseka? Ndinafika pochitira nsanje matenda a munthu, ine mayi wa pemphero. Ndinkagwada kuti ndiwapempherere, koma pemphero linkakhota panjira, n'kupezeka ndikuuza Ambuye kuti manja a mwanayo ndinawasambitsa ndine. Mwezi uliwonse ndinkamva kuti apitanso, akhala kutsogolo m'galimoto, pobwera adyera limodzi tchipisi ku Chongwe. Tchipisi sindizikonda n'komwe, koma zinandipweteka.

Ndiye m'mawa wina asebele anabwera osanena, kudzatenga mbande za repu zimene ndinawalonjeza. Anandipeza m'chipinda, mazenera otseka, beseni pambali, duku lili pansi, kansalu poyera. Anaima pakhomo n'kuloza kansaluko.

"Asebele, ichi n'chiyani?"

"N'kutopa chabe."

"Kutopa kumamangiwa na chingwe? Ine matenda aya niyaziba. Yayamba liti?"

Ndinawauza za umboni, za mayi wa miyendo uja. Anakhala pamphasa ndi siketi yawo yabwino, n'kunyowetsa thaulo, n'kundiika pachipumi. Dzanja lawo linali lofewa, ndipo zimenezo zinandikwiyitsanso.

"Musamuuze," ndinatero.

"Nizamuuza lero lomwe. Mufuna akaziba mochedwa azinena kuti ine n'namubisira amai bake? Imwe muzanipatsa mulandu."

Loweruka mwana wanga anafika yekha, fumbi la msewu lili m'tsitsi. Sanandipatse moni wokwanira. Anavula duku langa ngati akuvula mwana, n'kuona mzera umene kansalu kanasiya pachipumi.

"Amama, munaimirira pamaso pa anthu. Ine n'nalira. Pamene madokotala anafunsa ngati niziba odwala mutu, n'nayamba kuganiza imwe, n'nati iyayi, amai banga anapola."

"Unali na Mami wako," ndinatero. Mawuwo anatuluka okha.

Anandiyang'ana, kenako anaseka pang'ono, misozi ili m'maso. "Ndiye nkhani ni imeneyo? Mwakhala mudwala mwakabisira kuti munione ngati nizalota?"

Mwina zinalidi choncho.

Sabata yotsatira ananditengera ku Lusaka. Anthu a kafukufuku anali atakwana kale, koma dokotala wina anandiona monga wodwala wamba. Anandifunsa mafunso ambiri, mbali iti, nseru, kuwala, ngati amayi anga ankadwalanso. Kenako anandigoneka chagada. Mafuta aja ndi oziziradi. Ndinamva fuu, fuu, ndipo ndinapendeketsa diso kuti ndione. Magazi anga, a mayi wolima tomato, akuyenda pagalasi ofiira ndi abuluu ngati a wina aliyense. Ndinati chamumtima, Ambuye, munaika mitsinje m'khosi mwanga ine osadziwa. Dokotala anati njira za magazi zili bwino, vuto lili m'minyewa ya m'mutu imene imakwiya msanga. Anandipatsa mapilisi oti ndizimwa mutu ukangoyamba kugogoda, n'kundiuza kuti ndisamakhale ndi njala kapena ludzu kudimba.

Ndinathokoza. Komabe titatuluka ndinafunsa kuti, "Ndiye ine sinizabwerako mwezi na mwezi monga asebele?"

"Amama, mwamva kuti muli bwino, mukwiya?"

"Sinikwiya. Nifunsa chabe."

Lachinayi lotsatira ndinawauza azimayi anzanga kuti mutu unabwerera. Mayi wa miyendo uja anangoti, "Ndiye tizapempherera limodzi," n'kundisendera malo pabenchi. Ndinachita manyazi kuti ndinamuopa nthawi yonseyi.

Asebele akupitabe kuchipatala, ndipo ndikamva kuti apita, kamtima kaja kamatukulabe mutu. Ndimakadziwa tsopano, ndimakatchula m'pemphero ndi dzina lake. Koma tsiku lija tikuchokera ku Lusaka m'minibasi, dzuwa ndi fungo la dizilo zinandiutsira mutu tisanafike pokhotera kwathu. Mapilisi anali m'chikwama, ndinamwa. Mwana wanga anasuzumira m'chikwamamo, n'kutulutsa kansalu kanga kakale.

"Aka sikachiritsa, muziba?" anatero.

"Niziba."

Anandivula duku anthu akuona, n'kuzunguliza kansaluko, n'kukoka mfundo kumbuyo. Manja ake akula, ali ndi mphamvu.

"Nalimbitsa?"

Ndinamuuza kuti awonjezere pang'ono, ngakhale kanali katalimba kale.