Bwalo la Galimoto Limene Ndinafafaniza pa Migowi

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi azakhali anga, amene ankagulitsa nandolo kwa mayi Namaseko, a bizinesi pa Migowi. Mayiwo ankamanga nyumba za lendi, zipinda khumi ndi ziwiri, kuseri kwa siteji ya maminibasi. Ine ndinali nditangomaliza kosi ya zomangamanga, ndipo ndinkayenda ngati injiniya. Mayiwo anandipereka kwa kapitawo, a Makwinja, kuti ndiziyeza ndi tepi, kukhoma zikhomo, kukoka chingwe ndi kuthira laimu modutsa maziko. Anandipatsa mwezi umodzi woti andionere. Kulephera kunali kubwerera kumudzi kukagwira khasu.

Pulani inajambulidwa ku Blantyre, ndipo kutsogolo inasiya bwalo loimikapo galimoto zisanu ndi imodzi. Mayi Namaseko zinkawawawa. "Lendi yake ndi ya anthu wamba, minibasi ili pakhomo. Galimotozo ndi za ndani? Kafufuzeni, Esinati," anandiuza.

Ndinatenga kope n'kuyendera onse amene analembetsa zipinda. Funso langa linali limodzi: "Muli ndi galimoto?" Ambiri ankangoseka. Ndinabwerako monyadira, ndinafafaniza bwalo lija n'kujambulapo zipinda zina zitatu. A Makwinja anangoti, "Mwafunsa mokwanira?" Ndinati eya. Amati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa, koma phulalo ndinadyabe.

Maziko atakumbidwa, m'mawa wina kunabwera a Nampuluma, a kabaza, amene analembetsa chipinda chakumapeto. Anayang'ana ngalande zija kwa nthawi yaitali, dzanja lili pa chishalo cha njinga yawo.

"Achemwali, njingayi izikhala pati?"

"M'chipinda mwanu," ndinatero.

"Mmenemo muli ine, mayi a kunyumba ndi ana atatu. Nditulutse ndani? Njingayi ndiye munda wanga. Sindingaisiye pamsewu."

Nkhani inafika pa siteji. Pofika masana ndinadziwa chimene kope langa silinandiuze: mwa anthu khumi ndi awiri aja, asanu ndi anayi anali ndi njinga, zina zakapalasa, zina zamoto. Asanu anati tiwafufute mayina. Ndinachita manyazi kwambiri, chifukwa ena ndinawafunsa funso lija atakhala pa njinga zawozo.

Mayi Namaseko anati ndinyamule tepi yanga ndizipita. A Makwinja anayankha mofatsa. "Mayi, ndinamuona akulakwa, ndinakhala chete. Musiyeni akwirire yekha zimene anakumbitsa."

Ndinakwirira masiku atatu, fosholo ndi wilibala, anthu a pa siteji akundikuwiza kuti injiniya wabzala chiyani. Pamalopo tinamanga shedi ya malata, n'kuzika mapaipi achitsulo m'simenti omangirirako maloko. Ntchito inapulumuka, ndipo anayi anabwerera. A Nampuluma ayi. Anapeza chipinda kutali ndi siteji, cha khonde lalikulu, ndipo mpaka lero amapalasa mtunda wautali asananyamule munthu woyamba. Zimandiwawabe.

Tsopano ndikafika pa puloti yatsopano, tepi imayamba yakhala m'thumba. Ndimapita kaye kwa amene adzakhalemo n'kuona chimene wabwera nacho.