Kompyuta ya Malemu M'buti ya Galimoto ya Wina

Ndinadzidzimuka kunja kusanache, ndili pampando m'tenti, bulangete litatsetserekera pansi. Unali mwezi wa Juni, ndipo chisanu cha ku Katlehong chinali chitandilowa m'mafupa. Amayi amene anachezera kuimba m'nyumba, momwe munagona thupi la mng'ono wanga, anali atatsitsa mawu. Amuna anazinga mbaula ziwiri, ena akusinza. Kuseri kwa nyumba moto unali utayatsidwa kale, miphika ikuluikulu ya miyendo itatu itakhazikidwa.

Ine ndine mkulu wake wa malemu, ndipo pa abale onse ndine ndekha amene ndili kuno ku Joni. Choncho udindo wa tsikulo unali pamutu panga. Ndinayamba ndi kuyendera katundu. Monga mwa mwambo, zonse za pabalaza tinazitulutsa kuti amayi akhale pansi, n'kuziunjika m'mbali mwa nyumba, titazifunditsa lona. Ndinavundukula lonalo. Mipando inalipo, wailesi ya kanema inalipo, pulinta inalipo. Kompyuta panalibe.

Ndiyenera kufotokoza chifukwa chake kusowa kwakeko kunali nkhani yaikulu. Mng'ono wanga anali ndi kashopu kolembera anthu m'kontena, pafupi ndi renki ya matekisi. Ankatayipa makalata ofunsira ntchito ndi ndondomeko za maukwati ndi za maliro. Pepala lililonse limene analemberapo munthu linasungidwa m'kompyutamo, ndipo n'chifukwa chake anthu ankabwerera kwa iye: mlonda akafuna kusintha ntchito, ankangowonjezetsa mzere umodzi pakalata yake yakale. Shopu yeniyeni inali kompyutayo. Iye atadwala, mlamu wanga, mkazi wake, anaibweretsa kunyumba, ndipo ndiye ankatayipa. Alibe ntchito ina imene angadyere.

Pulogalamu yolembera imene inali m'menemo inali yolipira mwezi ndi mwezi, banki ikudula yokha ndalama ku akaunti ya malemu. Pa nkhani imeneyi ine ndi mng'ono wangayo tinkatsutsana kawirikawiri. Ine ndakhala kalaliki zaka zambiri m'nyumba yosungira katundu ku Isando, ndipo ndimakumbukira makina otayipira amene ankagulidwa kamodzi n'kukhala ako mpaka kuthyoka. Ndinkamuuza kuti kulipira kwakeko n'chimodzimodzi kubwereka khasu kwa munthu amene angabwere kudzalilanda uli pakati pa munda. Kuntchito kwathu mabwana anatopa nako kulipira, anatiikira pulogalamu yaulere, yololedwa ndi eni ake, osati yakuba. Ndi yomweyo imene ndimalembera zokambirana za mpingo. Iye ankangoseka. “Achimwene, zaulerezo n'za inu olemba maminitsi. Ine ndili ndi makasitomala.”

Matenda anaumitsa akaunti ija, ndipo atamwalira banki inaitseka. Lachinayi, ine ndikuthamangira zikalata ndi malo a manda, mlamu anakhala pansi kuti alembe ndondomeko ya maliro a mwamuna wake. Pulogalamuyo inamuuza kuti malipiro sanafike. Kuwerenga inkalola, koma kulemba ngakhale chilembo chimodzi inakana. Mwini khasu anali atabwera.

Apa m'pamene panatulukira bambo wina, Mmalawi mnzathu, amene ali ndi shopu yonga yomweyo kutsidya kwa renki. Sindimutchula dzina, ndingoti wa jekete lachikopa. Anadzipereka kusindikiza ndondomekozo popanda kulipiritsa, ndipo onse anamuyamikira. M'mawa umenewo ndinamupeza akuwotha moto, ndipo ndinamufunsa ngati anaionako kompyuta ya malemu.

“Aa, madala, musadandaule, ili m'buti mwanga,” anatero. “Eshi, chisanu chimenechi, ndiye atsotsi a kunowa! Mukanaipezanso? Tikangoika m'manda ndithamangira nayo ku Boksburg. Kuli mnzanga amathyola loko ameneyu, shapushapu. Lolemba ibwera.”

“Kodi mlamu wanga akudziwa?”

“Mayi ali pachisoni, madala. Tiwavutitsirenji?”

Ndinamuthokoza, pakuti pamaliro sakanganirapo, makamaka thupi lili m'nyumba. Koma ndinabwerera kumpando wanga ndi funso: ngati ankaopa mbala, anasiyiranji wailesi ya kanema ndi pulinta pansi pa lona?

Dzuwa litatuluka, anthu anayamba kufika. Anabwera amayi a Mvano atavala zoyera. Anabwera alonda ochokera kuntchito ya usiku, asanavule n'komwe yunifolomu, ndi amayi ogwira m'makomo ku Boksburg. Abale athu achisilamu ogulitsa parenki anaima chakumbuyo mwaulemu, pamodzi ndi anzathu achizulu ndi achisutu oyandikana nawo nyumba. Ndinaona kuti ambiri mwa iwo anali anthu amene malemu anawalemberapo.

Pachipata aliyense ankalandira ndondomeko. Inenso ndinalandira yanga. Chithunzi chinatuluka bwino. Zolakwika za kalembedwe zinalimo zochuluka, mawu oyenera kulumikizana atalekanitsidwa, koma zimenezo ndazikhululukira. Chimene sindinachikhululukire chinali kuseri kwa pepalalo. Kumeneko kunali dzina la shopu ya kutsidya kwa renki, nambala ya foni, ndi mawu oitana onse amene ankalembetsa kwa malemu, owatsimikizira kuti mapepala awo sanatayike. Munthu angalonjeze bwanji mapepala amene sali ake, ngati sakudziwa kumene agone usiku wotsatira?

Mwambo wa mapemphero uli mkati, mayi wina wovala duku lakuda anawerama pafupi nane. “Pepani bambo, ndimve kwa inu. Akuti makalata athu asamukira kutsidya? Ine ndimafuna kuwonjezetsa dzina la abwana anga atsopano.” Ndinamuyankha kuti palibe chimene chasamuka, ngakhale kuti pa nthawiyo mawu angawo analibe poima.

M'busa analalikira, kwaya inaimba, ine ndinawerenga mbiri ya malemu. Ndinaiwerenga monga iyenera kuwerengedwa, mosathamanga. Komabe ndivomere kuti diso langa limodzi linali pagalimoto yotuwa ya wa jekete lachikopa uja, imene inaimikidwa kunja kwa mpanda, itayang'ana kumsewu waukulu.

Itakwana nthawi yonyamuka, ntchito yogawa anthu m'magalimoto inali yanga. Khamu ndinalikweza m'mabasi. Mlamu ndi ana anakwera galimoto ya abale, yotsatana ndi yonyamula bokosi. Kenaka ndinatenga amayi awiri okalamba a Mvano, odwala mawondo, ndi kuwatsogolera kugalimoto yotuwa ija. Ine ndinatsegula chitseko chakutsogolo n'kukhala.

“Madala, inu simukwera ya abale?” anafunsa mwini galimoto.

“Ya abale yadzaza, bambo. Ndiponso inu mwatichitira zazikulu. Lero ndinu mbale. Mutsate pambuyo pa mlamu wanga.”

Tinayenda pang'onopang'ono, nyali zitayatsidwa, matekisi akutipatukira. Amayi aja ankaimba kumbuyo. Galimoto ikagunda dzenje ndinkamva chinthu cholemera chikusuntha m'buti, ndipo tonse awiri kutsogoloku tinkayang'ana msewu.

Kumanda kunali mphepo yozizira ndi fumbi lofiira. Loweruka kuno maliro amakhala ambiri nthawi imodzi, matenti atandandalikana, kotero kuti nyimbo yathu inkalowana ndi ya anzathu achisutu a manda oyandikana nawo. Bokosi linatsitsidwa. Mlamu anaponya dothi, ana anaponya, inenso ndinaponya. Pamenepo pokha ndinaiwala za kompyuta, ndipo ndinakumbukira kuti ndine amene ndinamuitana mwanayu kuti abwere ku Joni.

Amuna atayamba kukwirira, wa jekete lachikopa anavula jekete lake n'kutenga fosholo. Anakwirira nthawi yaitali kuposa wina aliyense, misozi ikutsika pamasaya ake afumbi. Ndinaiona misoziyo, ndipo sindinena kuti inali yabodza. Munthu angathe kulira mnzake moona, kwinaku akusirira munda umene wasiya.

Pobwerera anati atitsitsira pamphambano, popeza anali wofulumira. Sindinafunikire kuyankha ine. Mmodzi wa amayi aja anamumenya paphewa. “Iwe mwana wanga, uchoke kumanda osasamba m'manja pachipata cha maliro? Ukufuna ukapereke chiyani kwa mkazi wako? Yendetsa, tiye!”

Pachipata panali mabeseni a madzi, anthu atafola kusamba m'manja asanalandire chakudya. Ndinadikira kuti iye asambe. Kenaka ndinakweza mawu, monga mwini maliro amachitira pothokoza. Ndinauza khamulo kuti bambo ameneyu anasindikiza ndondomeko osalipiritsa, anakwirira manda ngati mbale, ndiponso anasunga kompyuta ya malemu m'galimoto mwake usiku wonse kuopa chisanu. Ndinapempha amuna awiri kuti amupeputse katunduyo tsopano, popeza mwini wake, mayi wamasiye, ali m'nyumba. Anthu anang'ung'udza moyamikira. Iye anatsegula buti akumwetulira ndi milomo yokha. Chakudya sanadikire.

Pamene dzuwa linkalowa, tenti inali itaphwasulidwa, miphika itavundikiridwa kuseri, mipando itabwerera pabalaza. Amayi awiri otsala kugona ndi mlamu anali atapumula kuchipinda. Nyumba inangoti zii. Tinaika kompyuta patebulo, ndipo m'pamene tinaona kuti chingwe chake cha magetsi panalibe. Ngati chinatsala m'buti mwangozi kapena mwadala, sindidziwa mpaka lero. Ndinatenga chingwe cha ketulo, chimene mutu wake ndi wofanana, ndipo kompyuta inayaka.

Pulogalamu yaulere ija ndimayenda nayo pakafulashi komangirira kumakiyi anga. Ndinaiika, ndi kutsegula kalata ya mayi wa duku lakuda uja, ndikumufotokozera mlamu zimene mayiyo anandipempha. Inatseguka. Mizere ina inali itasuntha pang'ono, ndipo ndinaiwongola. Mlamu anaima pambuyo panga, manja atawapinda m'nsalu yake yakuda.

“Alamu, imeneyi mwezi ukatha sidzatseka?”

“Sidzatseka, mlamu.”

“Nanga eni akewo amadya chiyani?”

Ndinamuuza zoona, kuti funso limenelo inenso ndimalifunsa, ndipo ndimaiyang'anitsitsa tsiku ndi tsiku, koma kuti zaka zonsezi sinandipemphepo kanthu. Anakhala pampando wa mwamuna wake n'kudina batani limodzi ndi chala chimodzi. Chilembo chinaoneka. Anachifufuta, nadinanso.

Kunja galimoto ina inachepetsa liwiro pachipata, kenaka inapitirira. Ndinatuluka kukaona ngati loko watsekedwa bwino. Nditabwerera, mlamu anali ataimirira kuti andiphikire tiyi. Anayang'ana ketulo yopanda chingwe, nayang'ananso kompyuta.

“Tiyi mumwa mawa, alamu,” anatero, nakhalanso pansi. “Mayi uja anati abwana ake atsopano ndi ndani?”